Mlendo wa M'chiuno

Ndinasaina m'buku lalikulu lija: dzina, tsiku, nambala.
Sajeni Namakhwa anakankhira chitsulocho patebulo
ngati akundibwezera chenji.
"Chala chisamakhale pokhethemulira," anatero osandiyang'ana,
"ndipo usamaigwiregwire m'njira, iwe.
Si chilonda."

Koma tsiku loyamba inalidi chilonda.

Yunifolomu inatsala pamsomali.
Ndinavala bulauzi ya maluwa ndi kajekete
komwe Che Kalosi, telala wa pakhonde,
anakakulitsa osafunsa chifukwa,
anangoti, mapini ali kukamwa,
"Mwanenepa mbali imodzi, mayi."

Minibasi ya ku Chinamwali inatipanikiza anayianayi.
Mayi wina wa dengu la matemba
anatsamiritsa chigongono chake pomwepo ndendende.
Ndinasiya kupuma kuchokera pa Ndola mpaka ku depoti.
Iye ankangodandaula za mtengo wa sopo.

Mumsika ndinkati aliyense wadziwa,
wa kaunjika, wa mbatatesi, ngakhale wamisala uja wa pa geti.
M'galasi la sitolo ndinaona mkazi akuyenda chopendekeka
ngati wabereka mwana wa eni m'nthiti,
akukokera jekete pansi, kukokanso, kukokanso.

Madzulo Ulemu anandithamangira manja ali m'mwamba.
Mutu wake umalekeza m'chiuno mwanga.
Ndinamutembenuzira kumanzere mwachangu
ndipo anandiyang'ana ngati ndamukana.
Atagona ndinachotsa zipolopolo,
kuwerenga, kuwerenganso,
kutsekera m'bokosi, kiyi n'kumangirira m'khosi.
Lamba anali atandilemba mzere wofiira pakhungu.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.
Uyu ndiye kalumoko.
Sapereka moni, sadya, safotokoza za ulendo,
amangokhala chete kumvetsera mtima wanga.

Chiperoni atatsika m'phiri ndinapumako,
tauni yonse inavala majekete, ndinasowa pakati pawo.
Ndinaphunzira kukhala kumapeto kwa benchi m'tchalitchi,
kutola chogwa mopinda maondo,
kukwera kabaza mbali yake ili kutali ndi msana wa mnyamata,
kupatsa moni ndi dzanja lomwelo
lomwe Lachinayi limanjenjemera ku malo ophunzirira kuwombera
makutu akulira ngati nyenje.

Kenaka tsiku lija pa mlatho wa Likangala.
Magetsi atazima, mdima wa cha m'ma sikisi,
mapazi kumbuyo kwanga, phaphapha, akuthamanga,
ndipo dzanja linapita lokha
osandipempha.
Linafika pa batani la jekete. Linafika pa chikopa.
"Anti! Anti!"
Kamnyamata ka yunifolomu ya pulayimale, kopanda nsapato,
kakupuma mwawefuwefu,
m'manja muli ambulera yanga yothyoka nthiti
yomwe ndinaiwala pa benchi ya wogulitsa mayunitsi.
Ndinakapatsa faifi handiredi.
Kanadabwa kuti ambulera yotere ingagule zandasi zingati.
Ine ndinagwira chitsulo cha mlatho
mpaka mawondo atabwerera m'malo mwake,
madzi akuda akudutsa pansi osalabadira.

Sindinauze Sajeni.

Tsopano mwezi wachinayi.
Mzere wofiira uja unasanduka chikanga,
Ulemu anazolowera kubwerera kumanzere
ngati mwana wa mbuzi wodziwa bere lake.
Dzulo ndinatsika ku Mulunguzi wapansi,
kutsatsa masitiroberi, kukangana ndi mnyamatayo za mbale yosadzaza,
kuseka mpaka misozi,
ndipo nditafika pakhomo, povula jekete,
ndinadzidzimuka kuipeza ili pompo.
Tsiku lonse sindinaikumbukire.

Ndinakhala pa bedi nthawi yaitali.

Anzanga amati kumeneko ndiye kukhwima.
Mwina.
Koma m'mawa uno pomanga lamba
ndadutsitsa bowo limodzi dala,
kuti izindiluma pang'ono ndikamayenda,
izindikumbutsa kamnyamata ka ambulera
komwe lero kali m'kalasi,
kakuloweza ma taimusi.